Mutu 6: Tadala ndi Chithunzi cha Nyangaimodzi

1. Kabokosi pa mkuyu

Tadala anali ndi nthenda imodzi, ndipo mudzi wonse unkaidziwa. Sankafuna kugonja pa mtsutso. Ukanena kuti mvula igwa Lachitatu, iye amati Lachinayi, ndipo ikagwadi Lachinayi amakulondola mpaka kudimba kudzakukumbutsa. Anali mtsikana wanzeru ndithu, wa Fomu 2, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

M'mwezi wa Julayi, chaka cha 2004, chiperoni chitakuta phiri la Chiradzulu, aphunzitsi ake a Kalinde anafika kusukulu ndi kabokosi kobiriwira. Bungwe lina loona za nkhalango ndi limene linabwereka kabokosiko kwa kalabu ya zachilengedwe ya pasukulupo. M'kati mwake munali kamera ya filimu. Ukaimangirira pamtengo inkajambula yokha chilichonse chodutsa patsogolo pake, n'kulemba tsiku ndi nthawi m'munsi mwa chithunzi.

Cholinga chinali kudziwa ngati m'phirimo munatsalako nyama. Mitengo inali ikutha ndi nkhwangwa, ndipo tchire linkapsa chaka ndi chaka. Nyama imene aliyense ankaitchula inali mbawala yamphongo, yokalamba, yothyoka nyanga ya kumanzere. Alenje anaitcha Nyangaimodzi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi inazemba agalu, mfuti ndi misampha. Ena ankati inafa kalekale.

"Tikapeza chithunzi chake," anatero a Kalinde, "a bungwe akhala ndi umboni wokapemphera alonda a chigwa cha kumtunda. Ikhala ndi moyo mbawala imeneyi, ndipo zina zidzabwerera."

Ntchito yosintha filimu ndi mabatire Loweruka lililonse inagwera Tadala, chifukwa munda wa amayi ake unali m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Koma wosankha malo anali Che Asumani, nkhalamba yokonza njinga pa Njuli. Iwowa anasaka nyama zaka makumi atatu, n'kudzasiya mfuti itawaphulikira m'manja ndi kuwadula zala ziwiri.

Tsiku lokamangirira kabokosi anakwera atatu. Che Asumani anawafikitsa pa kasupe wobisika, pansi pa mkuyu wong'ambika pakati, pafupi ndi thanthwe lokhala ndi mzere woyera. A Kalinde atamanga kabokosi, nkhalamba ija inakhala pamuzu n'kuitana Tadala.

"Mwana wanga, tamvera," anayamba motero. "Anthu akufunsa ngati kabokosi aka kathamangitse nyama. Ine ndikuti ayi. Mbawala yaing'ono idzadzidzimuka kakang'anima, mawa n'kubweranso. Yaikuluyi ndi yochenjera. Idzakhala masabata atatu kapena anayi osaponda pano. Idzaima kuseri kwa thanthwe ilo, kununkhiza mphepo, kenako n'kubwerera. Koma ikadzaona kuti kabokosi sikaluma, ludzu lidzaibweretsa.

"Chimene ndikuopa ine si kabokosi. Ndikuopa pepala limene lidzatuluke m'menemo. Kupha nyama sikovuta, mwana wanga. Chovuta n'kudziwa malo ndi nthawi. Mlenje amatha miyezi akuwerenga mapazi ndi ndowe kuti adziwe ziwiri zimenezi. Tsono inu mwabweretsa chinthu cholemba zonse ziwiri papepala limodzi. Pepala limenelo lili ndi pakamwa. Ukadzaligwira usadzaonetse munthu, ngakhale wa m'nyumba mwako. Makamaka wa m'nyumba mwako."

Tadala anadziwa amene ankanenedwa. Anali amalume ake a Ignasio.

"Sindingachite zimenezo, agogo," anayankha msanga. "Ine si mwana."

Che Asumani anangomuyang'ana, n'kudzuka kuyamba kutsika.

2. Zochokera ku Limbe

Filimu ikachotsedwa, a Kalinde ankapita nayo ku Limbe kukatsukitsa. Yoyamba inatulutsa anyani okhaokha, mmodzi atasuzumira m'galasi ngati akufuna kumeta ndevu. Yachiwiri inatulutsa nungu ndi gwape. Yachitatu ndi yachinayi zinalibe chachilendo. Ana a m'kalabu anayamba kugwa ulesi, ena mpaka anasiya kubwera kumisonkhano.

Tadala sanasiye. Loweruka lililonse ankakwera, kusintha filimu, kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, kumwa madzi pa kasupe, n'kutsika.

Sabata yachisanu a Kalinde analowa m'kalasi akupuma mwabefu. Anaika chithunzi patebulo. Inali Nyangaimodzi. Inaima chammbali, khosi lakuda lokhuthala, mawanga oyera pantchafu, nyanga imodzi yopotana ndipo inayo chitsa chabe. Kumbuyo kwake kunkaoneka mkuyu wong'ambika ndi mzere woyera wa pathanthwe. M'munsi munalembedwa 05:42.

Masabata atatu otsatira inaonekanso kasanu ndi kamodzi, ndipo nthawi yake sinkasiyana kwenikweni. Inkabwera kudzamwa mbandakucha, anthu asanayambe kukwera kofuna nkhuni.

Popeza Tadala ndiye anali mlembi wa kalabu, aphunzitsi anamupatsa zithunzi zija Lachisanu lina kuti akalembe masiku ndi nthawi m'kope.

"Zikhale m'kope momwemo," anamuuza. "Lolemba ndizipeze."

3. Mtsutso wa pakhonde

A Ignasio anali mlongo wawo wa amayi a Tadala, mwini mbumba. Bambo a Tadala atamwalira iye ali ndi zaka zinayi, amalumewa ndi amene anafolera nyumba, kulima munda, ndi kumunyamula paphewa kupita naye kuchipatala akadwala. Ankamukonda, ndipo chifukwa cha pakamwa pake paja ankamutcha "loya wanga".

Koma analinso mlenje, ndipo anali ndi chilonda mumtima. Msampha umene unathyola nyanga ya mbawala ija unali wawo. Anabwera kumudzi tsiku limenelo ndi nyanga yokha m'manja, nyama itapita. Kuyambira pamenepo anzawo kumowa ankawafunsa ngati nyanga imakoma yootcha kapena yophika. Zaka zinapita, koma chitonzo sichinathe. Ndipo chaka chimenechi mapazi a mbawalayo anawasokonekera, sankadziwanso kumene inkamwa.

Lamulungu masana banja linali pakhonde kutonola nandolo. A Ignasio sanalankhule ndi Tadala ayi. Analankhula ndi amayi ake, a Mervis.

"Achemwali, mwamva zimene achita ana asukulu? Athamangitsa Nyangaimodzi m'phiri."

"Ndamva kuti ine, achimwene?" anayankha a Mervis, maso ali pa lichero.

"Apachika chinthu chong'anima pamtengo. Nyama yokalamba siikhala pamalo pong'anima moto. Yawoloka, mwina ili ku Malabvi, mwina agalu a eni aigwira kale m'njira. Amati akuteteza, taonani tsopano."

Tadala anasiya kutonola.

"Kamera siithamangitsa nyama, amalume."

"Watero ndani?"

"Zimadziwika. Imachita mantha masiku oyamba okha, kenako imazolowera."

A Ignasio anaseka mpaka kutsokomola. "Imazolowera gwape, mwana iwe. Gwape ndi chitsiru. Ndikunena mphongo yaikulu ine, imene ndaitsata kuyambira iwe ukuyenda wopanda nsapato. Ija ikangoona udzu wopindika mwachilendo imasintha njira mwezi wathunthu. Ndiye ikaime pamaso pa kabokosi ka azungu?"

"Tadala, tonola nandolo," anatero amayi ake.

Anatonoladi. Anapirira pang'ono, tisamunamizire. Makoko a nandolo anadzaza dzanja kawiri asanayankhe kanthu.

"Si mlandu wako, loya wanga," anapitiriza amalume mofatsa kwambiri. "Mwangonamizidwa ndi mabuku. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Ukawauze aphunzitsi akowo kuti nyama sadziwa, azingophunzitsa masamu. Mwaipha ndinu mbawala ija, ndipo mudzi wonse udziwa."

"Ilipo."

"Pakamwa pokha?"

"Ndikuti ilipo, amalume. Sinapite kulikonse."

"Loya wopanda umboni ndi wolongolola chabe."

Tadala anadzuka, nandolo n'kumwazika pansi. Analowa m'nyumba, kutsegula kope, n'kutuluka ndi chithunzi chimodzi, chooneka bwino kuposa zonse. Anachiika pabondo la amalume ake.

"Iyi ndi gwape?"

A Ignasio anapukuta manja pa buluku asanachigwire. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Munthu wamaso akanaona kuti sankayang'ana mbawala. Ankayang'ana mkuyu wong'ambika ndi mzere woyera wa pathanthwe. Kenako anaika chala pa manambala a m'munsi.

"Nanga tizilembo iti?"

"Ndi nthawi imeneyo. Faifi fote-thu m'mawa. Ndipo si kamodzi ayi, yabwera kasanu ndi kawiri, nthawi yake yomweyomweyo. Ndiye muzinena kuti yathawa?"

Palibe amene anamufunsa zonsezo. Anapereka yekha, ngati wogulitsa tomato woika basera asanapemphedwe.

"Wandigonjetsa, loya wanga," anatero a Ignasio akubweza chithunzi. "Ndavomera. Kamera siithamangitsa nyama."

Chibadwire chake Tadala anali asanamvepo amalume ake akuvomera kugonja. Anasangalala zedi. Anatola nandolo zomwazika zija akuimba. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. A Mervis okha ndi amene anayang'ana mlongo wawo ndi diso loipa, koma kwa mwini mbumba sanathe kunena kanthu.

4. Mawaya a mabuleki

Chimwemwe chija sichinafike Lolemba. Pobweza zithunzi kwa a Kalinde, Tadala analephera kuwayang'ana kumaso. Poweruka sanadzere njira ya masiku onse yodutsa pamene Che Asumani ankakonzera njinga. Anazungulira kuseri kwa msika. Anachita chimodzimodzi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Ankaopa kufunsidwa, ndipo manyaziwo anadya masiku anayi amene akanapulumutsa moyo.

Lachisanu anaweruka dzuwa lili paliwombo. Atangokhota kuseri kwa msika anawapeza Che Asumani ataima pakati pa njira. Anali atavala mkanjo woyera wa kumzikiti, koma kumzikitiko sanapite.

"Ndakudikira sabata yonse," anatero. "Bwanji wasintha njira ngati mbawala?"

Tadala anazyolika.

"Amalume ako ali ndi njinga?"

"Ayi, agogo."

"Lolemba anabwera kwa ine kudzapempha mawaya akutha a mabuleki. Atatu. Munthu wopanda njinga amafuna waya wa mabuleki pa ntchito imodzi yokha, ndipo ntchito imeneyo ndinaigwirapo. Waya ameneyo saduka, ndipo nyama ikamakoka ndi pamene amalowa m'khosi. Ndinawamana. Koma wokonza njinga si ine ndekha, Lachitatu ndinawaona akuchokera kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu atakulunga kanthu m'pepala. Tsono ndiuze zoona. Waonetsa?"

"Ankanena kuti taithamangitsa," anayankha Tadala. "Ankati mudzi wonse udziwa kuti taipha ndife. Ndimangofuna adziwe kuti akunama."

Che Asumani anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Iwo sankanama mwangozi, mwana wanga. Mlenje satchera msampha pamene nyama siidutsa. Amayang'ana njira imene nyama imakonda, n'kuika waya pomwepo. Amalume ako anakulera, akudziwa njira yako. Akudziwa kuti ungapirire njala, ungapirire ndodo, koma sungapirire kuuzidwa kuti walakwitsa. Anatchera pamenepo, iwe n'kulowetsa mutu wekha.

"Ndikuuze chinthu chimodzi, uchisunge mpaka ukalamba. Si mtsutso uliwonse umene uyenera kupambana. Pali nthawi imene munthu amakutsutsa chifukwa sakudziwa, ameneyo umuphunzitse. Koma pali nthawi imene amakutsutsa chifukwa akufuna chimene wasunga. Ameneyo umusiye akuyese chitsiru. Kutchedwa chitsiru sikupha munthu. Ukanangotonola nandolo zako, lero bwenzi tikuseka."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Tadala.

"Kulira ukalira kutsogolo. Uli ndi miyendo, thamanga. Ukapeza waya, umukoke umuchotse. Ine ndikutenga pulayazi, ndikubwera m'mbuyo mwako."

5. Pa kasupe

Tadala anathamanga ndi yunifolomu yomwe. Anadutsa munda wa amayi ake osaima, n'kuyamba kukwera. Minga inamukala m'miyendo, nsapato imodzi inaduka lamba, iye n'kuivula kumapita.

Asanafike pa mkuyu anamva phokoso ngati la munthu wokoka mpweya m'bango. Kenako anaona.

Nyangaimodzi inali itagona chammbali, mapazi khumi kuchokera pa kasupe. Waya anali atamangidwa ku kamtengo kolimba, ndipo kumapeto kwake kunalowa m'khosi mpaka osaoneka. Kuzungulira kamtengoko nthaka inali itakumbika ngati palimidwa. Inalimbana kuyambira mbandakucha. Tsopano mphamvu zinali zitatha, lilime lili kunja, diso lili pa iye.

Sinayese n'kudzuka komwe. Tadala anagwada, kulowetsa zala pansi pa waya, n'kukoka. Waya anamucheka. Anakokanso, magazi ake n'kusakanikirana ndi a mbawala. Anayesa kumasula mfundo ya kumtengo, koma amalume ake ankadziwa kumanga. Anatola mwala n'kuyamba kumenya waya pamuzu. Anamenya mpaka mkono unatopa, waya osatheka.

Ali pakati pomenya anazindikira kuti phokoso lija lasiya.

Che Asumani anafika patapita nthawi, mkanjo uli bii ndi phulusa la tchire lopsa, pulayazi ili m'manja. Anayang'ana mbawala, n'kuika dzanja lawo la zala zitatu pamimba pake. Anadulabe waya uja, ngakhale zinalibenso ntchito. Kenako anayenda chowerama kutsata mapazi, kuchokera kuthanthwe mpaka pamsampha.

"Bwera udzaone," anaitana. "Mapazi awa ndi olunjika. Sinaime, sinanunkhize, sinabwerere m'mbuyo. Amalume ako anagwira udzu uwu ndi manja, fungo lawo linali ponseponse. Zaka zonsezi ikamva fungo la munthu inkatembenuka, n'chifukwa chake inakalamba. Koma pano inaphunzira zina. Loweruka lililonse fungo la munthu linkabwera, kugwira mtengo, kumwa madzi, n'kuchoka osaipweteka. Inayamba kukhulupirira kuti pamalo pano munthu ndi wabwino. Ichi sindinachiganize, ndipo mlandu umenewu ndi wanga. Tinaichotsa mantha amene ankaisunga."

"Ndiye sinathawe kamera," anatero Tadala motsitsa.

"Sinathawe. Unanena zoona, mwana wanga. Mtsutso uja unapambana."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa waya. Anakhala pansi pafupi ndi mutu wa mbawala n'kulira kulira kwenikweni, kwa munthu wodziwa kuti palibe wina womuloza chala. Che Asumani sanamutonthoze. Anamusiya alire mpaka atatopa.

Atapukuta maso anayang'ana pa mkuyu. Kabokosi kanali pomwepo, koma galasi lake linali litamatidwa matope, ndipo matopewo anali atauma. Zizindikiro za zala zinkaoneka bwinobwino.

"Amalume anaitseka maso kamerayi kuti isawaone," anatero Tadala.

"Eya," anayankha Che Asumani. "Koma munthu sangamate galasi asanaime patsogolo pake."

Tadala anatsegula kabokosi ndi manja amagazi. Anabweza filimu monga anaphunzitsidwira, n'kuitulutsa. Kanali kanthu kakang'ono, kosadzaza n'chikhatho chomwe. M'menemo munali nkhope ya munthu amene anamunyamula paphewa kupita naye kuchipatala, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. A Kalinde ankaidikira filimu imeneyi Lolemba, ndipo kutchera msampha m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu wopita nawo kukhoti.

"Agogo, nditani?"

"Ndinakuuza kamodzi chochita ndi pepala, sunamve. Ili ndi lachiwiri, ndipo lili m'manja mwako. Ukaliponya pa kasupe apa, palibe adzadziwe kupatula iwe ndi ine. Ukalipereka, kwanu kuyaka moto. Ine sindikusankhira."

Kumunsi kwa chigwa galu anauwa, wina n'kuyankha. Kenako kunamveka likhweru lalitali lokhota kumapeto, limene Tadala analidziwa kuyambira ali wakhanda. A Ignasio ankabwera kudzaona msampha wawo, ndipo njira yotsikira inali imodzi yokha.

Tadala anafumbata filimu ija n'kuimirira pakati pa njira, mbawala ili kumbuyo kwake.